Agogo Anga a Zimanyenyezi

Pamaliro a agogo aamuna, mkulu wa mpingo amene ankawerenga mbiri yawo anafika pa dzina n'kuyamba kutsokomola. Anatchula kuti a Layitoni Mukhuna, anatchula mudzi wawo ndi mpingo wawo, kenaka anayang'ana pansi ngati wagwetsa singano. Aliyense ankadziwa chimene chamugwira pakhosi. Kuno kwathu kwa Milonde mukafunsa a Layitoni Mukhuna anthu akhoza kukulozerani nyumba yolakwika, chifukwa dzina limene ankadziwika nalo linali lina, ndipo silinali dzina loti n'kulitchula pamaliro. Agogo aakazi anali pamphasa pakati pa amayi a kumpingo. Anavundukula chitenje kumutu n'kunena mokweza kuti, "Tchulani, abambo. Mwiniwake analilandira dzinalo." Ndiye mkulu uja anati, "A Zimanyenyezi." Anthu anaseka pamaliro, ena akupukuta misozi, ndipo palibe amene anadzudzula mnzake.

Ine ndine mdzukulu wawo, mwana wa mwana wawo wamkazi, ndipo ndili Fomu 3. Pagulu mawu amandithawa. Zimene ndikanafuna kunena tsiku lija ndikuzilemba muno, tsopano pamene mvula yatha ndipo kumwamba kwayeranso monga ankakukondera.

Agogo anali aatali, owonda, a khosi lalitali ngati munthu amene moyo wake wonse wakhala akusuzumira kuseri kwa chinthu. Sankakhala pansi moyang'ana nyumba, ankayang'ana kunja. Ngakhale kutchalitchi ankasankha benchi ya pafupi ndi zenera. Ali mnyamata anagwira ntchito ya nkhalango pamwamba pa phiri, ku Chambe, ndipo m'miyezi yotentha ntchito yawo inali ulonda wa moto. Mlonda ankakhala pamwala wautali kuyang'ana mitengo ya mkungudza ndi paini, ndipo akaona utsi kapena lawi ankamenya chitsulo chopachika pamtengo kuti anzake athamange ndi zikwanje ndi nthambi zozimira. Anatsika kuphiriko kalekale, amayi anga ali kamwana, koma ulondawo sunawachoke. Mphuno yawo inkasiyanitsa utsi wa uvuni wa njerwa, utsi wa anyamata osaka mbewa ndi utsi wa mphika wopserera, ndipo onsewo ankawaimba mlandu mofanana. Ankakonda kunena kuti moto ulibe ubwana, kuti umene ukuuona ngati kamwana wayamba kale kumera mano.

Mkangano wawo waukulu ndi agogo aakazi unali wa kalongonda. Nyemba zimenezi zimafuna kuwira nthawi yaitali, apo ayi zimazunguza mutu. Agogo aakazi ankasonkha moto wake m'mawa n'kumayendayenda ndi ntchito zina, ndipo pobwera ankapeza nkhuni zili nyowe, nthunzi ili tolotolo.

"Ndani wathira madzi pamoto wanga?"

"Unali wopanda mlonda, amake Joyisi."

"Ndinangopita kuseri kukatenga nkhuni! Mukufuna tidye kalongonda wosapsa, tiziyenda chozungulira ngati nkhuku za chitopa?"

"Kuzungulira kuli bwino kusiyana ndi kugona paphulusa."

"Pitani mukazime nyenyezi zanu uko, musiye mafuwa anga!"

Akafika pa mawu amenewo mkangano unkatha. Agogo aamuna ankangonyamuka, kutenga chipewa, n'kupita kumunda wa chinanazi. Agogo aakazi ankatsala akudziluma lilime, ndipo madzulo ankawapakulira ndiwo zambiri kuposa masiku onse. Joyisi amene ankamutchulayo ndi amayi anga.

Nkhani ya dzinali iwo sanandiuzepo. Ndinaimva kwa Che Amadu, mnzawo wa kalekale amene amakonza maambulera ndi matochi pamsika wa kwa Milonde, ndipo nayenso anagwirapo ntchito ku Chambe. Che Amadu amaifotokoza kwa aliyense wobweretsa ambulera, ngakhale asanafunse.

Akuti unali mwezi wa Okutobala, kunja kuli mbuu ndi utsi wa m'minda ya kumunsi. Agogo anali atangoyamba kumene ulonda. Dzuwa litalowa, mdima utangoyamba kugwira, anaona kachinthu kofiira pakati pa mitengo ya pamtunda wa kumadzulo, kakuphethira ngati khala lopemereredwa. Anamenya chitsulo ndi mphamvu zawo zonse. Amuna anasiya chakudya m'mbale, anatola zikwanje, n'kukwera mtundawo ndi kapitawo wawo patsogolo, m'miyala, m'minga, akugwa ndi kudzuka. Che Amadu anasiya nsapato yawo imodzi ya gambuti m'mng'alu wa thanthwe. Atafika pamwamba sanapeze kanthu. Panalibe lawi, panalibe phulusa, ngakhale fungo. Anatsika akutukwana. Madzulo otsatira kachinthu kaja kanaonekanso pomwepo, ndipo agogo anamenyanso chitsulo. Ulendo uno kapitawo anayamba wabwera pamwala wa mlonda. Anayang'ana, anadikira, ndipo onse anaona kachinthu kaja kakutsika pang'onopang'ono mpaka kulowa kuseri kwa mtunda.

"Iwe Layitoni," anatero kapitawo, "amuna onsewa wawadzutsa kuti akazime nyenyezi?"

Dzinalo linatsika phiri iwo asanatsike. Linawatsogolera kumsika, linafika kwa makolo a agogo aakazi iwo asanafunsire mbeta, ndipo linawadikira pakhomo la tchalitchi.

Chimene Che Amadu amaiwala kunena, koma agogo aakazi anandiuza, n'chakuti kuchokera tsiku limenelo agogo sanalakwitsenso. Anazika mzati pamwala paja n'kukhomapo msomali pomwe panafika diso lawo. Akaona kuwala kokayikitsa ankakulunjikitsa ndi mutu wa msomaliwo, n'kuimba ndime imodzi ya nyimbo ya kutchalitchi chamumtima. Kuwalako kukasuntha n'kuchoka pamsomali, inali nyenyezi. Kukakhala pomwepo n'kumakula, unali moto. Ndi njira imeneyi anapulumutsa nkhalango kangapo, koma palibe amene anawapatsa dzina chifukwa cha zimenezo.

Tsiku lililonse la msika moni wa Che Amadu unali umodzimodzi.

"A Zima! Dzulo mwazima zingati? Ndaona ngati kumwamba zachepa."

"Konzani maambulera, Che Amadu, mvula ikubwera."

"Gambuti yanga ija simunandibwezerebe."

Kenaka ankagawana nthochi ndi kucheza mpaka dzuwa kupendeka. Agogo ankaseka nawo nthabwalazo, koma ine ndinkaima pafupi nditanyamula dengu, ndipo ndinkaona kuti akuseka ndi mano okha.

Ine ankanditchula kuti akazi anga aang'ono, monga agogo aamuna amachitira ndi adzukulu awo, ndipo agogo aakazi ankanditi mkazi mnzanga wakuba amuna. Ndili wamng'ono agogo aamuna ankandinyamula paphewa madzulo, nkhuku zikangolowa, n'kundionetsa kummwera, cha ku Mozambiki, kumene kuli timitambo tiwiri totuwa, kena kakakulu kena kakang'ono. Ankati ndi mitambo yaulesi, chifukwa chibadwire chawo sinagwetsepo dontho limodzi la mvula ndipo mphepo siikankha. Ankatinso kumwamba nako kunakalamba, kuli ndi ng'ala m'maso onse awiri.

Kenaka ng'ala inabwera m'maso mwawo.

Inabwera mwakachetechete, ndipo iwo anaibisa nthawi yaitali. Tinayamba kuzindikira pamene anapereka moni kwa nthochi ya pambali pa njira, n'kukwiya kuti siikuyankha. Kumunda anazula mbande za chinanazi n'kusiya udzu. Tsiku lina anagwera m'ngalande pobwera kutchalitchi, bondo linatupa, ndipo kuyambira pamenepo ankayenda atagwira nsonga ya ndodo, wina atagwira nsonga inayo patsogolo. Munthu amene ankaona utsi kuseri kwa mapiri anafika pofunsa ngati kwacha. Ankakhalabe moyang'ana kunja, koma tsopano panalibe kusiyana ndi kuyang'ana khoma.

Mlangizi wa zaumoyo anabwera pakhomo kudzanena kuti madokotala a maso abwera kuchipatala kwa masiku ochepa okha kudzachotsa ng'ala, ndipo akulemba maina a okalamba. Ananena kuti akachoka sizikudziwika kuti adzabweranso liti. Agogo anakana. Amayi anawachonderera, amalume anawaimbira foni kuchokera ku Limbe, abusa anabwera ndi kupemphera, koma iwo anangoti anamva kuti kumeneko amachotsa diso, kulitsuka m'mbale, n'kulibwezera, ndipo iwo sadziwa amene anadyerapo m'mbalemo. Anthu anaseka, n'kuwasiya.

Chifukwa chenicheni anandiuza ine tsiku lina ndikuwatsogolera ndi ndodo kupita kudimba.

"Akazi anga aang'ono, maso awa anandinamiza ndili mnyamata, pamaso pa amuna anzanga. Ndawasunga zaka zonsezi ngati mmene umasungira m'bale wakuba. Tsopano atopa okha. Asiyeni agone. Ndipite nawo kuchipatala kuti akandionetsenso chiyani, mano a Che Amadu?"

Sindinkadziwa kuti munthu wamkulu angasunge manyazi nthawi yaitali chotero, ngati mbewu m'chiguduli.

M'masiku omwewo madamu athu a sayansi anabwera m'kalasi ndi foni m'manja, nkhope ili ngwee. Anati akatswiri ajambula chithunzi cha pafupi cha nyenyezi imene siili m'mlalang'amba wathu uno, koma m'mlalang'amba wina woyandikana nawo. Foniyo inayenda benchi ndi benchi. Chithunzicho sichinali chokongola kwenikweni: kanthu kofiirira, kosaoneka bwino m'mbali, kozungulira motalika. Mnyamata wina kumbuyo anati ndi dzira lokazinga, ndipo kalasi yonse inaseka. Madamu anati nyenyeziyo dzina lake ndi WOH G64, ndi yofiira, ndi imodzi mwa zikuluzikulu zimene anthu akuzidziwa, ndipo itaikidwa pamene pali dzuwa lathu ikhoza kumeza dziko lino pamodzi ndi maiko ena oyandikana nalo. Anatinso dzuwa ndi nyenyezi, ndipo nyenyezi iliyonse ndi ng'anjo yoyaka yokha. Pomaliza anati mlalang'amba umene ikukhalawo tikhoza kuuona ndi maso athu kuno ku Mulanje: ndi kamtambo kakakulu mwa timitambo tiwiri ta kummwera.

Inali mitambo yaulesi ya agogo.

Ndinawauza madzulo akusenda nandolo, ntchito yokhayo imene inatsala yoti manja angaigwire popanda maso. Ndinafotokoza mosokoneza, ndikuyamba ndi dzira lokazinga. Nditafika poti nyenyezi ndi ng'anjo, manja awo anaima.

"Yofiira?"

"Eya, agogo."

"Anena ndi madamu, kapena ndi anyamata a kumbuyo?"

"Madamu."

Nandolo wina anagwa pansi nkhuku n'kutola.

"Kawapemphe madamuwo abwere Loweruka. Ukadzere kumsika, Che Amadu abwerenso."

Ndinaima pakhomo la ofesi ya aphunzitsi mpaka madamu anandifunsa ngati ndikudwala. Koma nditawapempha anavomera.

Loweruka masana agogo anavala jekete lawo la kutchalitchi. Tinaika mipando pansi pa mtengo wa mango. Madamu anabwera pa kabaza, Che Amadu anabwera pa njinga yawo ambulera itamangidwa kumbuyo, ndipo agogo aakazi anakhala pakhonde akupeta, akunamizira kuti sakumvetsera.

"Madamu, zikomo pobwera," anayamba agogo. "Ine sukulu sindinapite nayo patali. Ndifunsa ngati mlonda, inu muyankhe ngati mphunzitsi. Chinthu chanucho, chikutentha?"

"Kwambiri, agogo. Khasu litagwerapo likhoza kusungunuka nthawi yomweyo."

"Chikuwala chokha, kapena pali amene akuchiunika ndi tochi ya Che Amadu?"

"Chokha."

"Utsi chili nawo?"

Madamu anaseka. "Si utsi weniweni. Chikutaya fumbi ndi mpweya wambiri, ndipo fumbilo lachizinga ngati chigoba cha dzira. N'chimene chikuoneka pachithunzipa."

"Fumbi lotuluka m'chinthu chotentha kwathu kuno timati utsi. Chidzazima?"

"Chakalamba, chili kumapeto. Nyenyezi za mtundu umenewu zimaphulika pothera pake. Mwina posachedwa, mwina patapita zaka zikwizikwi. Palibe akudziwa tsiku."

"Che Amadu, mwamva?"

"Ndamva, ambuje," anatero Che Amadu akusenda nthochi. "Koma imeneyo ndi nyenyezi ya pafoni. Yanu ija inali ya pa Chambe."

Madamu anafunsa kuti ya pa Chambe ndiye iti, ndipo Che Amadu anaifotokoza nkhani yonse mosangalala, ndi gambuti yomwe. Agogo anakhala chiwongokere, chibwano chili m'mwamba. Madamu sanaseke. Anafunsa mwezi, anafunsa mbali imene anaionera ndi nthawi yake, anayang'ana pafoni pawo kanthawi, kenaka anati ilipodi nyenyezi yofiira imene m'mwezi umenewo imalowa kumadzulo mdima ukangogwira. Anati imeneyo ili m'mlalang'amba wathu womwe uno, n'chifukwa chake maso amaiona, koma ndi ya mtundu umodzi ndi ya pachithunzi.

"Tingoti ndi mng'ono wake," anatero madamu. "Nayonso ndi chimphona."

"Chabwino," anatero agogo. "Chinthu chotentha, chowala chokha, chofuka, chodzazima tsiku lina. Madamu, mlonda akachiona, amenye chitsulo kapena agone?"

"Asayansi sanganene kuti ndi moto ngati wa nkhuni, agogo, chifukwa chimayaka mwa njira ina. Koma ndikanakhala ine pamwala paja, ndikanamenya."

Agogo anaimirira mwadzidzidzi mpaka kampando kanagudubuzika.

"Ndinati moto! Unali moto! Amake Joyisi, mwamva? Unali moto, kungoti unali kutali!"

"Ndamva, khalani pansi mungagwerenso m'ngalande," anatero agogo aakazi, koma lichero anali atalisiya pansi.

"Kutali bwanji?" anafunsa Che Amadu. "Tikanayenda masiku angati?"

Madamu anati ya pa Chambe ija kuwala kwake kumayenda zaka mazana angapo kuti kufike kuno, ndipo ya m'kamtambo ija kuwala kwake kunanyamuka zaka zoposa zikwi zana limodzi zapitazo.

"Ndi gambuti imodzi?" anatero Che Amadu. "A Zima, munkafuna kutipha."

Tonse tinaseka, ndipo ulendo uno agogo anaseka ndi chifuwa chonse mpaka kutsokomola. Kenaka anatambasula dzanja kupempha foni. Madamu anawapatsa. Anaiyandikitsa kumaso mpaka inakhudza mphuno, anaitembenuza, anatsinzina diso lina, anatsinzina linzake. Anaibweza foniyo mosamala ndi manja awiri.

"Kamtamboko ndingakaone?"

"Ndi maso abwino, inde, kukakhala kopanda mwezi. Nyenyeziyo ayi, agogo, imafuna makina aakulu. Koma nyumba yake mukhoza kuiona."

Agogo anatembenukira kukhonde.

"Amake Joyisi, mlangizi uja dzina langa analemba?"

"Munamukaniza nokha."

"Kamuuzeni alembe. Maso awa ndinawaimba mlandu wabodza. Ndikawapepese."

Tinakwera minibasi mpaka pa Chitakale, ine, amayi ndi agogo onse awiri, n'kupitirira kuchipatala. Mantha anali nawobe. M'njira monse ankagawa katundu wawo: chikwanje kwa amalume, chipewa kwa Che Amadu, munda wa chinanazi kwa akazi aang'ono. Pakhomo la chipinda cha opaleshoni anafunsa namwino ngati mbale ija yatsukidwa ndi sopo. Namwinoyo anati, "Agogo, tatsuka ndi mchenga womwe," n'kuwalowetsa akuseka.

M'mawa mwake namwino anachotsa bandeji. Agogo anaphethira, misozi ikutsika, n'kuyang'ana khoma, zenera, manja awo. Kenaka anayang'ana agogo aakazi nthawi yaitali, kuchokera kumutu mpaka kumiyendo. Tonse tinadikira kuti anena mawu aakulu.

"Amake Joyisi, chitenje chanu chapsa apa. Mwaona? Ndinkanena ine za moto wopanda mlonda."

Agogo aakazi anawamenya ndi nsonga ya chitenje chomwecho, kenaka anatuluka panja msanga, ndipo ndinawapeza ataima kuseri kwa thanki la madzi akulira.

Diso lachiwiri analikonza pambuyo pake. Koma kamtambo kaja kanatidikiritsa. Inali nyengo ya mvula, phiri linkafunda mitambo yeniyeni masana ndi madzulo omwe, ndipo kukati kuyere, mwezi unkakhala uli mbee. Agogo sanadandaule. Anadula mtengo wa bulugamu, anauzika kumapeto kwa bwalo moyang'ana kummwera, n'kukhomapo msomali pomwe panafika diso lawo. Pa nthambi ya mango anapachika khasu lakutha. Agogo aakazi atafunsa kuti n'la chiyani, anangoti mlonda sakhala wopanda chitsulo.

Tsikulo linafika mu Epulo. Kunagwa kamvula masana n'kutsuka kumwamba, mwezi kunalibe, ndipo tinali tisanadye chakudya cha madzulo. Agogo anaima pamzati wawo, ine pambali pawo. Mwadzidzidzi anandigwira phewa mwamphamvu.

"Yabwerera."

"Chiyani, agogo?"

"Ng'ala. Ndikuona choyera kutsogoloku. Andinamiza madokotala aja."

Ndinachita mantha. Koma iwo anapuma, anatsinzina diso lamanzere, kenaka lamanja. Anatembenuza mutu kuyang'ana kumango, n'kubwerera. Ng'ala ya m'diso imapita kulikonse kumene wayang'ana. Iyi inatsala pomwepo, pamwamba pa msomali, pamwamba pa mitengo ya ku Mozambiki.

"Siili mwa ine," ananong'ona. "Ili kumwamba. Akazi anga aang'ono, ndi kamtambo kaja."

Anaima nthawi yaitali. Ndinamva akuimba ndime ija chapansipansi. Ndinawafunsa ngati akuiona nyenyeziyo, ngakhale ndinkadziwa yankho. Anati ayi, ndipo anandifotokozera kuti mlonda kawirikawiri saona lawi, amangoona pamene pakutuwa, n'kudziwa kuti pansi pake pali moto. Anati zimenezo n'zokwanira kwa munthu wodziwa ntchito.

Kenaka anachita chimene sindinkayembekeza. Anapita pamango paja okha, popanda ndodo, anatola mwala, n'kuyamba kumenya khasu lija. Ngwe, ngwe, ngwe! Agalu anauwa. Zitseko zinatseguka. Anthu anabwera akuthamanga, amayi ndi ndowa za madzi pamutu, anyamata ndi nthambi, bambo wina atavala malaya chotembenuza.

"Moto uli kuti? Kukupsa kwa yani?"

"Uko!" anatero agogo, dzanja lili m'mwamba kuloza kummwera. "Waukulu kuposa dzuwa!"

Agogo aakazi anatuluka ndi chipande m'manja n'kuti, "Ambuye wanga, ayambanso." Anthu anagwa nacho chiseko, mayi wina anakhala pansi m'madzi amene anataika m'ndowa yake. Koma agogo sanatenge chipewa n'kuthawira kumunda. Anaima chiwongokere akuseka nawo, ndipo chiseko chitachepa anayamba kuitana anthu mmodzimmodzi kuti abwere pamzati. Ambiri anabadwira pano koma anali asanakaonepo kamtamboko. Ana ankawanyamula kuti diso lifike pamsomali. Anawauza kuti si mtambo ayi, ndi mudzi wina wa nyenyezi, ndipo m'mudzimo muli nkhalamba yofiira yofunda utsi wake womwe, imene yatsala pang'ono kuphulika. Mayi wina anafunsa ngati ikaphulika zidutswa zidzagwere pamadenga athu. Agogo anati asade nkhawa, kumeneko n'kutali, ndipo ngati pakhala chilichonse iwo ali pa ulonda. Chakudya chinazizira m'nyumba zambiri madzulo amenewo.

Tsiku la msika lotsatira anayenda okha mpaka kwa Milonde. Ine ndinkangotsatira ndi dengu.

"A Zima! Dzulo mwazima zingati?"

"Ndinasiya kuzima, Che Amadu, pano ndimangolondera. Pali wina waukulu kummwera. Ukaphulika ndikudzutsani, mukonzeretu gambuti."

"Iii, mwandiona ndi maso atsopano?"

"Ndakuonani. Mano aja ndinkawaopa, kani anatha kale."

Kuyambira pamenepo akakumana ndi mlendo ankadzitchula okha dzinalo, lonse, mokweza, ngati mmene ena amatchulira udindo. Anapaliranso chinanazi chawo. Anabwerera pabenchi ya pazenera n'kumawerenga okha nambala ya nyimbo. Okutobala atafika anakaitana Che Amadu kuti adzaone yofiira ya pa Chambe ija ikulowa kumadzulo, ndipo madala awiriwo anaima pabwalo akukangana ngati inali yomweyo, Che Amadu akuti ija inali yaikulupo, agogo akuti maso a wokonza maambulera amangodziwa zibowo. Mvula itabweranso agogo anadwala chibayo. Sanadwale nthawi yaitali. Anapita m'mawa, maso ali otsegula kuyang'ana kuzenera, ndipo agogo aakazi ndi amene anawatseka. Anati anachita kuwatseka mofatsa, chifukwa anali maso atsopano.

Mzati uja ulipobe kumapeto kwa bwalo. Chiswe chaudya m'munsi ndipo wapendekeka pang'ono, msomali wachita dzimbiri. Pansi pake pali timaenje tiwiri pamene zidendene zawo zinkaponda, ndipo mvula ikagwa mumakhala madzi, nkhuku n'kumamwamo. Kampando kawo kali pansi pa mango moyang'ana kunja, palibe amene wakatembenuza. Msomaliwo uli m'mwamba kwambiri kwa aliyense wa pakhomo pano. Dzulo madzulo kamtambo kaja kanali pamwamba pake penipeni, kotuwa, kaulesi, ndipo panalibe diso lofika pamenepo. Kalongonda tsopano amapsa bwinobwino, koma ndaona agogo aakazi akachoka pamoto, ngakhale pongopita kuseri, amayamba aima n'kuuyang'ana kaye.

Amalume anabwera sabata yatha ndipo anafuna kuchotsa khasu lija pamango, poti mphepo ikawomba limagunda tsinde n'kumalira lokha. Agogo aakazi anawakaniza.

"Lisiyeni. Moto uja sunazime, ndipo watsala wopanda mlonda. Wina adzafunika kumenya."